ZA KUSAMBITSA GARU NTHAWI YOYAMBA

Phunziro la kwa eni mabanja a m'midzi ya ku Neno

Inu eni makomo amene muweta garu, kapena mulikufuna kutenga kagaru kwa mnansi wanu caka cino, cherani khutu. Tidziwa kuti ena adzaseka poona mutu wa phunziro ili, nadzati, "Kodi garu asamba? Madzi titunga kutali, sopo tigula ndi ndalama. Nanga tiziononga zimenezi pa garu?" Funso limeneli liri ndi nzeru zace, ndipo tidzaliyankha. Koma werengani kufikira pomariza, ndipo mudzaona kuti nkhani iyi ikhudza mbuzi za m'khola lanu, ndi cimanga ca m'munda mwanu, ndi moyo wa ana anu omwe.

Mau akuru a phunziro lonse ndi awa: nchito ya kusambitsa garu iyamba madzi asanatungidwe. Iyamba masabata awiri kapena atatu tsiku la kusamba lisanafike, pamene muzoloweza garu dzanja la munthu. Garu wozolowera dzanja asambitsika, acotsedwa nkhupakupa, amwetsedwa mankhwala, natengedwa kukalandira katemera wa ciwewe popanda bvuto. Koma garu amene anamgwira mwaukali tsiku loyamba, namkhuthulira madzi ozizira kumaso, saiwala. Akaona cidebe athawa, akaona cingwe aonetsa mano, ndipo acita comweco kufikira ukalamba wace. Akuru anati, M'mera mpoyamba.

1. GARU AGONA PAMENE ANA ASEWERA

Taganizani nchito imene garu akugwirirani. Usiku ndiye mlonda wa khola. Fisi kapena mbala ikayandikira, ndiye ayamba kumva. Cimanga cikakhwima m'minda ya m'mphepete mwa mapiri, ndiye apirikitsa anyani ndi apusi. Ana akapita kubusa ndi mbuzi, iye atsagana nao. Wanchito wotere malipiro ace ndi mkute ndi makoko a mumphika, ndipo sadandaula.

Koma garu yemweyo agona pakhonde pamene mwana wanu akwawa, nanyambita dzanja limene mwanayo adyera nsima. Cimene ciri pa thupi la garu cifika pamphasa. Cifukwa cace kumsamalira garu ndiko kusamalira nyumba. Ndipo mtengo wace ndi wocepa: kagaru kasamba ndi madzi a cidebe cimodzi ndi kacidutswa ka sopo, kamodzi pa mwezi.

2. ADANI OBISALA M'UBWEYA

Musanayambe nkhondo, dziwani adani anu. Ali asanu.

Nthata ziyamwa mwazi. Nthata yaikazi imodzi ikhoza kuikira mazira 40 kapena 50 pa tsiku limodzi. Mazirawo samamatira ku ubweya. Agwa pansi pamene garu agona, naswa m'pfumbi, ndipo pa nyengo yotentha apita ngati masabata atatu okha kuti dzira lisanduke nthata. Kagaru kocuruka nthata katha mwazi, kafoka, ndipo kakhoza kufa. Nthata zinyamulanso mbeu za njoka ya m'mimba yaitali yonga luzi. Garu akameza nthata podzinyambita, njokayo ikula mwa iye, ndipo mwana wamng'ono akameza nthata mwangozi aitenganso.

Nkhupakupa zikonda m'makutu, m'khosi, m'khwapa ndi pakati pa zala za kumapazi, ndipo zicuruka pa nyengo ya mvula pamene udzu watalika. Yaikazi ikakhuta mwazi igwa, nikaikira mazira zikwi zingapo m'ming'alu ya zipupa kapena m'zinyalala. Nkhupakupa zipatsa garu nthenda yoononga mwazi: thupi litentha, nkhama ziyera kapena zikhala zacikasu, mkodzo ufiira, ndipo garu akana kudya.

Mphutsi za pakhungu zicokera kwa nchenche ina yofiirira imene iikira mazira pa mcenga wa pamthunzi pamene pali mkodzo kapena zonyansa, ndi pa nsaru zoyanikidwa pansi. Kamphutsi kaboola khungu, nikakula m'kati ngati cithupsa cokhala ndi kaboo pamwamba, ndipo patapita masiku 8 kufikira 12 kagwa pansi. Tiagaru togona padothi ndito tisauka nazo kwambiri.

Matekenya muwadziwa. Anafika m'Africa kucokera ku South America m'zaka za m'ma 1870, nafalikira dziko lonse m'mapazi a apaulendo. Alowa m'mapazi a garu ndi a nkhumba monga alowa m'mapazi a ana.

Mphere ziyamba ndi tizirombo tosaoneka ndi maso tolowa m'khungu. Garu adzikanda usana ndi usiku, ubweya usosoka m'mbali mwa makutu ndi m'zigongono, ndipo khungu likhakhala. Sopo yekha saciza mphere. Zifunika mankhwala a kwa mlangizi wa ziweto.

3. MSINKHU WACE NDI NYENGO YACE

Kagaru kasacoke kwa mai wace kasanakwanitse masabata 8, ndipo kasasambe thupi lonse kasanafike msinkhu umenewo. Kagaru kakang'ono sikatha kusunga kutentha kwa thupi lace. Kakanyowa kazizidwa msanga, ndipo kuzizidwa kwa mtundu umenewu kupha. Kakada ndi dothi, kapukuteni ndi nsanza yobviika m'madzi ofunda, nimukaumitse pomwepo. Nthata muzicotse ndi cipeso ca mano afupiafupi, ndi kuziponya m'madzi a sopo.

Koma kuzoloweza dzanja ndiko kuyenera kuyamba msanga. Anthu amene anaphunzira makhalidwe a agaru anapeza kuti kuyambira sabata lacitatu kufikira ngati sabata la 12, mtima wa kagaru ulandira zinthu zacilendo wopanda mantha ambiri. Cimene kazolowera m'masiku amenewo kaciyesa cabwino moyo wace wonse. Nyengo imeneyi ikapita, mantha akula, ndipo kuphunzitsa kucedwa.

Sankhaninso tsiku monga mwa malo anu, pakuti dziko la Neno liri ndi nyengo ziwiri. Kumtunda, monga kwa Dambe ndi m'mapiri a kumalire a Mozambique, miyezi ya Juni ndi Julayi izizira kwambiri, ndipo masiku ena mitambo ndi mphepo sizicoka. Kumeneko musasambitse kagaru m'mawa, kapena madzulo, kapena tsiku la nkhungu. Dikirani tsiku la dzuwa, dzuwa liri pamutu, posafika mphepo. Kunsi, ku Lisungwi ndi ku Zalewa, m'cigwa ca Shire, bvuto ndi kutentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Kumeneko sambitsani m'mawa pamthunzi; ndipo cenjerani ndi madzi amene akhala padzuwa m'cidebe cacitsulo, pakuti akhoza kutentha khungu la kagaru.

4. KUZOLOWEZA GARU: NCHITO YA MASABATA AWIRI

Apa ndipo pagona phunziro lonse. Sankhani munthu mmodzi wofatsa wa pabanja panu, inu nomwe kapena mwana wamkuru, akhale mphunzitsi wa garu. Nchitoyi ifuna mphindi zisanu m'mawa ndi zisanu madzulo, garu asanadye. Khalani ndi timbamu tating'ono ta nsima tobviika m'msuzi, kapena mitu ya usipa. Lamulo lace ndi limodzi: dzanja liyambe, cakudya citsate. Mukamgwira pang'ono, mpatseni kambamu. Posacedwa garu adzazindikira kuti dzanja la munthu lidza ndi zokoma.

Masiku atatu oyamba: dzina ndi msana. Khalani pansi, musamuimirire pamwamba. Muitaneni ndi dzina lace. Akadza, mpatseni kambamu. Msisiteni pacifuwa ndi pamsana. Akafuna kucoka, mlekeni apite. Adzabwera yekha cifukwa ca pfungo la usipa. Musamthamangitse kuti mumgwire, ndipo musamsautse pamene alikudya m'phale lace.

Tsiku lacinai kufikira lacisanu ndi ciwiri: ziwalo zimene garu akana. Izi ndizo makutu, mapazi, pakamwa, mcira ndi mimba. Tukulani khutu limodzi, yang'anani m'kati, mpatseni kambamu. Gwirani phazi limodzi, tambasulani zala zace, mpatseni kambamu. Tukulani mlomo kuti muone mano ndi nkhama. Ciwalo ciri conse mucigwire kanthawi kocepa, monga ka kuwerenga kufikira zisanu; mawa muonjezere. Phunziraninso kumnyamula bwino, dzanja limodzi pansi pa cifuwa, lina pansi pa matako. Musamnyamule ndi miyendo yam'tsogolo, kapena ndi makutu, kapena ndi mcira.

M'masiku omwewo mbvekeni m'khosi kansaru kofewa kapena kacikopa, komanga kotero kuti zala ziwiri zilowe pansi pace. Waya ndi cingwe cothina zidula khosi; ndipo popeza kagaru kakula msanga, yesani kansaruko sabata liri lonse. Akazolowera, mangiranipo cingwe, nimuyende naye pabwalo, cakudya ciri m'dzanja lanu. Mtsogolereni, osamkoka.

Tsiku la 8 kufikira la 10: beseni louma. Ikani beseni pamalo pamene mudzamsambitsira, ndi kuyala ciguduli pansi pace m'katimo. Ciguduli cimeneci ncofunika ndithu, pakuti cimene garu aopa koposa ndi kuterereka kwa mapazi ace. Ikani mitu ya usipa m'besenimo kuti alowe yekha. Akalowa, muyamikeni ndi mau ofatsa, akaturuka, musamletse.

Tsiku la 11 kufikira la 14: madzi pang'ono. Thirani madzi ofunda ongobisa zikhadabo zace, aponde. Tsiku lotsatira tungani madzi ndi cikho, ndi kuwathira m'besenimo pambali pace, kuti azolowere phokoso lace. Tsiku linanso nyowetsani miyendo yace ndi dzanja, ndi kupititsa nsanza yonyowa pamsana. Pomariza mpukuteni ndi nsaru youma, pakuti kupukutako nakonso nkwacilendo kwa iye.

Pa zonsezi yang'anirani thupi la garu, pakuti ndimo alankhula. Akapinda mcira pakati pa miyendo, akagonetsa makutu, akanyambita milomo kawirikawiri, akayasamula wopanda tulo, akaumitsa thupi ndi kukuyang'anani ca m'mbali, ndiye kuti waopa. Pamenepo lekani, ndipo mawa bwererani pa cimene anacilola dzulo. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Akadzuma ndi kuonetsa mano, musammenye. Kudzumako ndi cenjezo lace. Garu womenyedwa cifukwa ca kucenjeza aphunzira kuluma wosacenjeza, ndipo wolumidwa kawirikawiri ndi mwana.

Ana a pakhomo aone zimene mulikucita, ndipo aphunzire malamulo atatu: asamkoke makutu kapena mcira, asamdzutse ali m'tulo, asamlande cakudya.

Ena adzati, "Garu womuzoloweza manja cotere sadzalonda, garu wabwino ndi waukali." Taonani bwino. Garu alonda cifukwa adziwa kwao ndi anthu ace, nasiyanitsa mlendo wa usiku ndi mwana wa pakhomo. Garu woleredwa ndi ndodo ndi miyala aopa anthu onse. Aluma mwana wa mnansi masana, nakutengerani mlandu kwa mfumu, koma mbala ikatola mwala athawa. Kudula makutu kapena mcira sikuonjezera kulimba mtima. Kupatsa garu zironda ndi mantha basi.

Ngati garu wanu ndi wamkuru kale, wosasamba cibadwire, njira ndi yomweyi, koma ifuna mwezi wathunthu kapena kuposa. Akapitirira kuonetsa mano, musalimbane naye; funsani mlangizi wa ziweto.

5. ZIMENE MUYENERA KUKONZERATU

Zonse zikhale pafupi ndi dzanja lanu garu asananyowe, pakuti mukamsiya kukafuna sopo m'nyumba mudzampeza atagubuduka kale m'pfumbi. Zofunika ndi izi: beseni ndi ciguduli cace, cidebe ca madzi ofunda, cikho cothirira, sopo, cipeso, nsaru zakale ziwiri zouma, kacitini ka madzi a sopo kotayamo nkhupakupa, timbamu ta cakudya, ndi munthu waciwiri wogwira garu.

Beseni, cikho ndi nsaru zikhale za garu yekha. Musatenge beseni lotsukira mbale kapena losambitsira mwana.

Madzi muwayese ndi cigongono canu, monga acita amai posambitsa khanda. Akhale ofunda, osaotca ndi osazizira.

Sopo woyenera ndi wa agaru, amene agulitsidwa m'masitolo a mankhwala a ziweto. Ngati ndi wa kagaru, funsani wogulitsa kuti akuwerengereni msinkhu wolembedwapo. Akasowa, sopo wamba wosambira, wopanda pfungo lamphamvu, athandiza, mukamtsukuluza bwino. Sopo waufa wocapira zobvala aumitsa khungu la garu nalisweka.

Ndipo izi musaziyandikize kwa garu konse: palafini, petulo, oilo wakuda wa galimoto, mankhwala opopera thonje kapena tomato, ndi mankhwala a ufa othira m'cimanga. Anthu ena apaka oilo wakuda pa garu wa mphere. Garu anyambita thupi lace, ndipo cimene mwapaka kunja cifika m'mimba. Khungu limwanso mankhwala. Agaru ambiri afa ndi dzanja la mwini wofuna kuwaciza. Dipi wa ng'ombe ndi mbuzi musamyese ndi maso. Muyeso wace ndi wa mlangizi wa ziweto, ndipo kagaru kosakwana miyezi inai kasathiridwe dipi ai. Mankhwala ena abwino kwa garu apha mphaka. Alangizi a ziweto muwapeza ku maofesi a zaulimi, ndipo ndiwo adzakuuzaninso za mankhwala a njoka za m'mimba, amene kagaru kayenera kumwa kakali kakang'ono.

Malo osambitsira akhale pakhomo, paudzu kapena pamiyala, kutali ndi mphika ndi mtondo. Musasambitse garu pamjigo kapena pacitsime pamene anthu atunga madzi akumwa. Musamponye mumtsinje kuti asambe yekha. Ciponyere cotere cimpatsa mantha a madzi osatha, ndipo m'mbali mwa Shire muli ng'ona zimene zikonda nyama ya garu. Madzi a dipi asatsikire mu Lisungwi kapena mu Wamkurumadzi kapena m'timitsinje tace, pakuti apha nsomba. Akwirireni m'dzenje kutali ndi citsime.

6. MUYANG'ANENI ASANANYOWE

M'mawa wa tsiku la kusamba muyang'ane garu thupi lonse. Ngati akana kudya, asanza, atsegula m'mimba, atsokomola, kapena nkhama zace zayera, asasambe. Wodwala afunika mankhwala ndi pogona pofunda. Garu wamkazi amene ali pafupi kuswa, kapena wangoswa kumene, mlekeni.

Akakhala bwino, mpeseni, ndi kucotsa cisoso ndi minga ya m'ubweya, pakuti zikanyowa zimangana. Nkhupakupa muigwire pafupi ndi khungu, pamutu pace, ndi kacitsulo kopanira kapena ndi zala zokutidwa ndi pepala la pulasitiki. Kokani molunjika, pang'onopang'ono, osapotoza. Musaiphwanye ndi zikhadabo, ndipo musaiotce iri pathupi. Iponyeni m'kacitini kaja, pambuyo pace muitaye pamoto. Pa cithupsa ca mphutsi pakani mafuta a Vaseline kutseka kaboo kace kopumira. Patapita kanthawi finyani pang'ono m'mbali, ndipo mphutsi idzaturuka yathunthu. Tsukani bala ndi madzi ofunda a mcere pang'ono.

Kenaka yendani naye pang'ono kuti adzithandize, ndi kuti mphamvu za masewera zicepe. Asadye kwambiri asanasambe, kuti timbamu tija atifune.

7. KUSAMBA KWENIKWENI

Mukakonzeratu monga tanenamu, kusambako ndi nchito ya mphindi khumi. Garu alowe m'beseni monga anazolowera. Wothandiza agwire pacifuwa ndi dzanja limodzi, ndi lina ampatse cakudya. Madzi asapitirire maondo a garu.

Yambani ndi khosi: linyowetseni ndi kupaka thobvu kuzungulira khosi lonse ngati mkanda. Nthata zikamva madzi zithawira kumutu ndi m'makutu, koma thobvulo lizichinga njira. Pamenepo nyowetsani miyendo, msana, mimba ndi mcira, cikho ciri pafupi ndi thupi kuti madzi asagwe ndi phokoso. Pakani sopo ndi nsonga za zala kufikira pakhungu. Thobvu likhale ngati mphindi zisanu kuti nthata zife. Koma tsiku loyamba, garu akatopa, fupikitsani. Kuli bwino aturuke wosayera kwenikweni ali wokondwa, kusiyana ndi kuturuka woyera ali wamantha.

Kumutu musathire madzi. Pukutani nkhope ndi nsanza yonyowa yopanda sopo, ndipo madzi asalowe m'makutu, m'maso kapena m'mphuno. Madzi otsalira m'khutu aoletsa khutu. Tsukuluzani thupi kufikira madzi otsika ayera, makamaka m'khwapa ndi pamimba, pakuti sopo wotsala ayabwa.

Mturutseni, mlekeni adzikutumule, nimumpukute ndi nsaru yoyamba, kenaka yaciwiri. Mgwireni pacingwe paudzu kapena pamphasa yakale kufikira aume. Kumtunda aume padzuwa posafika mphepo, kucigwa aume pamthunzi. Akanjenjemera, mkulungeni m'nsaru youma, nimumfungate. Pomariza mpatseni cakudya cace conse, ndi kusewera naye. Cimene garu akumbukira kwambiri ndi cotsiriza. Ndipo inu sambani m'manja ndi sopo.

8. POGONA PACE

Nthata zimene mwaziona pa garu ndi zocepa; zocuruka ziri pansi, monga mazira ndi timphutsi. Garu woyera akabwerera pogona pakale, sabata lisanathe ali nazo zina. Tsiku lomwelo sesani pogona pace ndi kutentha zinyalalazo, thirani madzi owira pansi, tsirani ming'alu ya cipupa ndi ya khonde, ndi kucapa ciguduli cace, ciume padzuwa pacingwe, osati padothi. Dulani udzu wa pafupi ndi nyumba. Zonyansa za garu zikwiriridwe, ana asaziponde.

Musamsambitse kawirikawiri, kamodzi pa mwezi nkokwanira, pakuti sopo acotsa mafuta amene asunga khungu lace. Koma kumpesa ndi kumyang'ana m'makutu ndi m'mapazi kucitike sabata liri lonse, kuti asaiwale dzanja.

9. ZA CIWEWE

Tsopano tifika pa cifukwa cacikuru ca phunziro ili. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linena kuti ciwewe cipha anthu ngati 59,000 pa caka, ocuruka a iwo m'Africa ndi m'Asia. Kuti pafupifupi onsewo acitenga kwa garu. Ndi kuti mwa anthu khumi olumidwa ndi nyama zoganiziridwa ciwewe, anai ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikaoneka pa munthu, palibe mankhwala omciza. Koma nthendayi ipeweka. M'caka ca 1885 Louis Pasteur wa ku France anapereka katemera kwa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, wolumidwa ndi garu waciwewe, ndipo mnyamatayo anakhala ndi moyo. Pasteur anamwalira pa 28 Sepitembala 1895, ndipo tsiku limeneli ndilo maiko akumbukira nkhondo ya ciwewe caka ndi caka.

Akatswiri anapeza kuti mwa agaru khumi a m'dera, asanu ndi awiri akalandira katemera, ciwewe cisowa poyenda. M'caka ca 2015 bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi a boma oona za ziweto, linabaya agaru oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20. Ndipo pofunsa anthu amene sanabwere ndi agaru ao pamalo a katemera, ena anayankha kuti ndi kutali, ena kuti sanamve, ena kuti kagaru nkakang'ono, koma enanso anati garu wao sagwirika.

Taonani tsono. Mankhwala alipo, wobaya wafika pabwalo la sukulu, koma garu ali kuthengo cifukwa anaona cingwe. Garu ameneyo ndiye khomo limene ciwewe cilowera m'mudzi. Koma garu amene munamzoloweza cingwe, ndi kugwidwa khosi ndi miyendo pokonzekera kusamba, ayenda yekha pambuyo pa mwana wanu, naima ciriri pobayidwa. Kagaru kalandira katemera kakakwana miyezi itatu, ndipo pa nthawi ya katemera wa mudzi wonse tengani ngakhale tating'ono, obaya aone okha. Pambuyo pace bwerani naye caka ndi caka, ndi kusunga kalata yace.

Cenjezo lina: kusamba sikucotsa ciwewe. Garu wanu akalumidwa ndi garu wacilendo kapena nkhandwe, musamtsuke mabala ndi manja opanda kanthu. Mtsekereni, ndi kuitana mlangizi wa ziweto. Garu akasintha makhalidwe modzidzimutsa, akadontha malobvu, akaluma mitengo ndi miyala, kapena nsagwada zace zikalefuka, munthu asamgwire, ndipo wina asapise dzanja m'kamwa mwace poyesa kuti watsamwa pfupa.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, ngakhale ndi kagaru ka pakhomo, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15 zathunthu. Musathirepo tsabola, phulusa kapena ubweya wa garuyo. Pitani naye kucipatala tsiku lomwelo, ku Neno, ku Lisungwi, kapena capafupi ciri conse, ngakhale bala licepe, ndipo mutsirize majekeseni onse amene adokotala adzanena. Garu wolumayo amangidwe posafika ana masiku 10, alikudya ndi kumwa, kuti mlangizi aone ngati adwala. Koma wolumidwayo asadikire masiku amenewo.

Yambani madzulo ano. Sungani mitu isanu ya usipa, khalani pansi pakhonde, nimuitane garu wanu ndi dzina lace.

MAFUNSO OKAMBIRANA PABWALO

1. Cifukwa ninji kagaru kosakwana masabata 8 sikayenera kusamba thupi lonse?
2. Chulani ziwalo zisanu zimene muyenera kuzoloweza garu kugwidwa.
3. Garu akadzuma ndi kuonetsa mano, mwini acitenji?
4. Chulani zinthu zisanu zosayenera kupaka pa thupi la garu.
5. Cifukwa ninji thobvu liyamba kupakidwa m'khosi?
6. Mwana akalumidwa ndi garu, coyamba kucita nciani, ndipo kwa mphindi zingati?
7. M'mudzi mwanu muli agaru angati, ndipo mwa iwo ndi angati amene eni ace akhoza kuwagwira tsiku la katemera?